N'chifukwa Chiyani Madzi a M'damu Amabiriwira?

Ana inu, mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo, tayang'anani madamu a m'maesiteti a fodya ku Kasungu, aja amatungamo madzi othirira nazale. Ena madzi ake amakhala mbee, ena biriwiri. Chabiriwiritsa madziwo ndi ndere.

Ndere yoterera pamiyala ija mumaidziwa. Koma pali ina yongoyandama m'madzi, yaing'ono zedi moti kamodzi simungakaone popanda maikulosikopu. Asayansi amaitcha phytoplankton. Ilibe mizu kapena masamba, koma imadzipangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, n'kumatulutsa mpweya umene nsomba zimapuma. Makumba amaidya kwambiri.

Chosangalatsa n'chakuti mtundu uliwonse uli ndi madzi amene umakonda. Ma desmid ambiri amakonda madzi opanda zonyansa. Ma diatom amakhala m'tizigoba tagalasi tokongola, tina tozungulira, tina tosongoka uku ndi uku. Ma cyanobacteria amaswana mwamsangamsanga m'madzi otentha odzaza chonde. Choncho katswiri akatunga botolo limodzi, kaya pa damu la Chitete limene limamwetsa tauni ya Kasungu, kaya pa Lifupa pomwe pamakhala mvuu, amaika dontho pa maikulosikopu n'kuwerenga kuti wachuluka ndani. Akatero amadziwa zimene zikulowa m'damumo, ngakhale madziwo asanayambe kununkha.

Nanga chondecho chimachokera kuti? Mvula ikagwa imakokolola feteleza m'minda, ndowe m'makola ndi sopo wa pochapira, zonse n'kukathera m'damu. Feteleza sasankha: amene amakulitsa fodya ndi yemweyo amanenepetsa ndere. Ikachulukitsa, usiku imapuma mpweya wambiri m'madzi, ndipo m'bandakucha mumapeza nsomba zikuyasamula pamwamba, zina zitafa. Ma cyanobacteria ena, monga Microcystis, amatulutsa poizoni wowononga chiwindi, ndipo kuwiritsa madzi sikumuchotsa. Mukaona thovu lobiriwira m'mbali mwa damu musasambemo, ndipo mbuzi ndi agalu muzipirikitse.

Komatu kubiriwira pang'ono si koipa. Alimi a nsomba amathira dala manyowa m'maiwe awo kuti ndere imere. Poyeza amapisa mkono m'madzi: chikhatho chikayamba kuzimirira madzi atafika m'chigongono, ndere ndi yokwanira. Chikasowa madzi angopitirira pang'ono pamfundo ya dzanja, amayamba aleka kuthira manyowa.