Kujambula galimoto m'chionetsero ndi kutumiza zithunzi pa foni: zoyenera kudziwa wojambula ndi wogula

Lichinga – Chaka chilichonse, chakumapeto kwa Ogasiti, amalonda, atolankhani ndi nthumwi za chigawo cha Niassa amapita ku FACIM, chionetsero chachikulu cha zamalonda m'dziko muno. Kuyambira mu 2011 chionetserochi chimachitikira ku Ricatla, m'boma la Marracuene, kufupi ndi mzinda wa Maputo. Zina mwa zinthu zimene zimakopa anthu kumeneko ndi magalimoto, mathirakitala ndi njinga zamoto, zina zoimikidwa panja, zina mkati mwa mapaviliyoni. Kuchoka ku Lichinga kukafika ku Maputo pa msewu ndi makilomita oposa 2,000. Choncho anthu ambiri a kuno amaona magalimotowo pa foni basi, kudzera m'zithunzi zimene wina wajambula n'kutumiza nthawi yomweyo.

Zithunzi zoterezi si zongosangalatsa maso. Anthu ambiri a ku Lichinga, Cuamba ndi Mandimba amagula galimoto asanaikhudze ndi dzanja. Ena amatuma m'bale wawo kuti akaione kumalo ogulitsira ku Nampula kapena ku Maputo. Ena amasankha pa intaneti kwa makampani a ku Japan ngati Be Forward ndi SBT Japan. Ndalama zimene banja lasunga kwa zaka zimachoka chifukwa cha zimene maso aona pa kagalasi ka foni. Koma chithunzi cha galimoto chojambulidwa mkati mwa nyumba chikhoza kunama ngakhale wojambulayo alibe cholinga chonamiza munthu. Chimasokonekera pa malo awiri: pojambula ndi potumiza.

Kuwala kwa mkati si kwa dzuwa

Vuto loyamba ndi mtundu wa kuwala. Maso a munthu amazolowera msanga nyale iliyonse, ndipo pepala loyera amaliona loyera kaya masana kaya usiku. Kamera simazolowera choncho. Kuwala kumayezedwa ndi muyezo wotchedwa Kelvin: mababu akale achikasu amatulutsa pafupifupi 2,700, pamene dzuwa la masana limafika pafupifupi 5,500. M'holo ya chionetsero nyale zimakhala zosakanikirana, ndipo kamera ikasokonezeka, galimoto yoyera imatuluka yachikasu, yasiliva imaoneka ngati yobiriwira. Wojambula angakonze zimenezi pa malo olembedwa WB, amene amapezeka pa kamera ndiponso pa mafoni ambiri mu gawo la Pro. Njira yapafupi ndi kuika pepala loyera pa boneti n'kusintha WB mpaka pepalalo lioneke loyeradi.

Vuto lachiwiri ndi mizere yakuda yopingasa pa chithunzi. Magetsi a EDM amayenda pa ma hertz 50, ndipo chifukwa cha zimenezi nyale zambiri zimaphethira ka 100 pa sekondi imodzi. Diso silingaone kuphethira kumeneku. Koma kamera ikatsegula ndi kutseka kachitseko kake mwachangu kwambiri, mwachitsanzo pa 1/500, mbali ina ya chithunzi imagwidwa nyale itawala, mbali ina nyale itazilala. Mankhwala ake ndi kuika liwiro la kachitsekoko pa 1/100 kapena 1/50, kuti ligwirizane ndi magetsi. Pa liwiro lotsika chonchi dzanja likanjenjemera chithunzi chimachita chimbuuzi, choncho wojambula atsamire chipilala kapena apanikize zigongono pamimba.

Vuto lachitatu ndi lakuti penti ya galimoto ili ngati kalilole. Nyale za kudenga, zikwangwani za malonda ndi anthu odutsa zonse zimaonekera pa chitseko ndi pa magalasi. Filashi imangoonjezera vutoli: imasiya dontho loyera pa penti, ndipo nambala ya galimoto imawala mpaka osawerengeka. Ojambula ozolowera amazimitsa filashi, n'kukweza ISO pang'ono kuti kamera ilandire kuwala kokwanira. Amene ali ndi kamera yaikulu amaika kagalasi kotchedwa CPL kutsogolo kwa lenzi. Akakazungulitsa, kunyezimira kwa galasi lakutsogolo kumachepa mpaka mipando ya mkati n'kuoneka, ngakhale kuti kagalasiko kamadya kuwala kwina. Amene ali ndi foni yokha angosuntha mapazi awiri kumanja kapena kumanzere, chifukwa nthawi zambiri kunyezimira kumachoka wojambula akasintha poima.

Poima ndi pamene pamasintha maonekedwe

Lenzi yaikulu ya foni imaona malo otambalala. Munthu akaima pafupi kwambiri, mphuno ya galimoto imatuluka yaikulu ngati ya lole, kumbuyo n'kuoneka kochepa. Kuti galimoto ioneke mmene ilili, wojambula abwerere m'mbuyo mamita anayi kapena asanu, asankhe 2x ngati foni ili nayo, ndipo atsitse foni ifike msinkhu wa nyale zakutsogolo. Chithunzi choyamba chimajambulidwa pa ngodya, kuti kutsogolo ndi mbali imodzi zionekere pamodzi. Kenako mbali zonse zinayi, chilichonse pachokha.

M'chionetsero anthu amadzaza, ndipo malo obwerera m'mbuyo amasowa. Nthawi yabwino ndi m'mawa, zipata zitangotsegulidwa. Masana, wojambula akonzeretu kamera, aime pamalo amodzi, adikire kuti gulu lidutse. Ndi ulemu kupempha kaye kwa woyang'anira malowo asanatsegule chitseko kapena boneti, komanso kupewa kujambula nkhope za anthu, makamaka ana, popanda chilolezo.

Njira imene chithunzi chimayenda

Kale wojambula ankayenera kuchotsa khadi mu kamera n'kukaiika mu kompyuta asanatumize chilichonse. Mu 2007 kampani ya ku America yotchedwa Eye-Fi inayamba kugulitsa khadi yokhala ndi Wi-Fi mkati mwake, ndipo Toshiba inabwera ndi ina yotchedwa FlashAir. Masiku ano makamera ambiri amabwera ndi Wi-Fi ndi Bluetooth, ndipo amalankhulana ndi foni kudzera m'mapulogalamu ngati Camera Connect ya Canon kapena SnapBridge ya Nikon.

Ulendo wa chithunzi uli ndi zigawo ziwiri, ndipo ambiri amazisokoneza. Chigawo choyamba ndi chochoka mu kamera kupita mu foni. Apa kamera imapanga kanetiweki kakekake kofika mamita ochepa. Kameneka si intaneti, ndipo sikadya mamega. Chigawo chachiwiri ndi chochoka mu foni kupita kwa wolandira, kudzera pa nsanja za Tmcel, Vodacom kapena Movitel. Apa ndi pamene mamega amathera. Mafoni ena akalumikizana ndi Wi-Fi ya kamera amasiya kugwiritsa ntchito intaneti ya SIM khadi, ndipo wojambula amadabwa kuona zithunzi zikungozungulira osapita. Choyenera ndi kukopera kaye zithunzi mu foni, kuzimitsa Wi-Fi, kenako kutumiza.

M'holo yodzaza anthu, zigawo zonse ziwiri zimachedwa. Makamera ambiri amagwiritsa ntchito Wi-Fi ya 2.4 GHz, imene ili ndi misewu itatu yokha yosapondana, ndipo Bluetooth imadutsanso momwemo. Mafoni mazanamazana akakhala pamalo amodzi, misewuyo imathithikana ngati pamsika tsiku Loweruka. Kamera imene ili ndi 5 GHz imachita bwino ikasinthidwira kumeneko. Ikakanika, chingwe cha USB kapena kachipangizo kowerengera khadi kolowetsa pa foni sikakhumudwitsa. Nsanja ya netiweki nayonso imagawa mphamvu yake kwa anthu onse amene ali pafupi, ndipo malata ndi zitsulo za denga zimafooketsa netiweki. Ndiponso kutumiza kumachedwa kuposa kulandira. Wojambula wanzeru amanyamula ma SIM khadi a makampani awiri, amatuluka panja pang'ono akafuna kutumiza, ndipo saiwala batire lapadera, pakuti Wi-Fi imamaliza moto msanga.

WhatsApp imachepetsa chithunzi

Kamera ya ma megapixel 24 imatulutsa chithunzi cha JPEG cha mamega 10 kapena pafupi pamenepo. Zithunzi 100 zotere ndi giga imodzi yathunthu. Pofuna kuti zinthu ziyende msanga, WhatsApp imafinya chithunzi chilichonse chotumizidwa m'njira ya masiku onse, ndipo nthawi zambiri chimafika chosakwana ngakhale mega imodzi. SnapBridge nayo ikamatumiza yokha pa Bluetooth imapereka makope ang'onoang'ono a ma megapixel awiri. Chithunzi chofinyidwa chimaoneka bwinobwino pa foni, koma wolandira akachikulitsa, tinthu ting'onoting'ono timakhala titafufutika: kang'alu ka pa galasi, timadontho ta dzimbiri, kukandika kwa penti, manambala a pa chassis. Zimenezi n'zimene wogula amafunikira kuona.

Pali njira ziwiri zopewera zimenezi. Kuyambira mu 2023 WhatsApp ili ndi batani lolembedwa HD, limene limasunga tsatanetsatane wochulukirapo. Njira yotsimikizika ndi kutumiza chithunzi ngati Documento, chifukwa chimafika mmene chinatulukira mu kamera. Popeza mamega ndi ndalama, kwa wotumiza ndi wolandira yemwe, si zithunzi zonse zimene ziyenera kupita choncho. Zoonetsa galimoto yonse zipite m'njira ya masiku onse, koma zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zofunika kwambiri zipite ngati Documento. Mtolankhani wotumiza ku wailesi achitenso chimodzimodzi: zochepa zosankhidwa bwino, zokhala ndi mawu ofotokoza dzina la galimoto, malo ndi tsiku.

Chithunzi chotumizidwa ngati Documento chimanyamulanso zina zosaoneka: tsiku, ola, mtundu wa foni, ndipo ngati GPS inali yoyatsa, malo enieni amene chinajambulidwira. Kwa wogula zimenezi ndi umboni wabwino. Koma kwa munthu amene wajambula galimoto yake pakhomo pake n'kutumiza kwa mlendo, ndiye kuti waonetsa pamene galimotoyo imagona. Poika zithunzi pa Facebook, ndi bwino kuphimba nambala ya galimoto ya mwini wake. Ndipo Wi-Fi yaulere ya pa chionetsero ingathandize potumiza zithunzi, koma si malo otsegulira akaunti ya kubanki.

Zithunzi zimene wogula wa ku Niassa ayenera kupempha

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Galimoto ya pa chionetsero kapena pamalo ogulitsira imakhala itatsukidwa, itapakidwa polishi, itaimikidwa pansi pa nyale zoikometsa. Mafoni amakono amaonjezeranso kukongolako, chifukwa mu kuwala kochepa amasalaza chithunzi okha. Wogula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito asakhutire ndi zithunzi zokongola zokha.

Apemphe chithunzi cha nambala ya chassis yodindidwa pa galimoto, ndi china cha livrete, kuti ayerekeze yekha chilembo ndi chilembo. Nambala ya VIN ya magalimoto ambiri ili ndi zilembo ndi manambala 17, koma magalimoto opangidwira msika wa ku Japan amakhala ndi nambala yaifupi. Apemphe chithunzi cha dashibodi injini ikulira, kuti aone makilomita ndi nyale zochenjeza zimene zayaka. Apemphe cha injini boneti itatsegulidwa, cha matayala onse anayi pafupi, ndi cha mipando. Kuti zibonyo za pa chitseko zioneke, wojambula awalitse tochi chammbali, motsata thupi la galimoto, chifukwa kuwala kochokera kutsogolo kumazibisa.

Chithunzi chofunika kwambiri kwa munthu wa chigawo chino ndi cha pansi pa galimoto. Msewu wa N13 wopita ku Cuamba ndi Nampula uli ndi phula, koma misewu yambiri yolowera m'maboma ndi m'midzi ndi yafumbi, ndipo nthawi ya mvula imasanduka matope ndi maenje. Galimoto yotsika kwambiri, kaya ikongole bwanji m'holo, idzavutika kumeneko. Wojambula agwade, alowetse foni pansi ndi tochi, aonetse kutalika kwa galimoto kuchoka pansi, mafuta amene akudontha ndi dzimbiri. Galimoto imene yakhala nthawi yaitali m'mizinda ya kugombe la nyanja yamchere, monga Nacala, Beira kapena Maputo, ndi yofunika kuiyang'anitsitsa pansi chifukwa mchere umadya chitsulo.

Pomaliza pali funso lakuti galimotoyo ilipodi. Akuba ena amatola zithunzi pa intaneti, n'kuziika pa Facebook ngati zawo, kenako n'kupempha ndalama yachikole pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh. Pulogalamu ya Google Lens imathandiza kuona ngati chithunzi chinaikidwapo kale kwina. Njira yosavuta kuposa pamenepo ndi kupempha wogulitsa kuti alembe tsiku ndi dzina la wogula pa pepala, aliike pa galasi lakutsogolo, ajambule n'kutumiza nthawi yomweyo. Kapena aimbe foni ya vidiyo, azungulire galimotoyo, alize injini wogula akuona. Wogulitsa woona sakana zimenezi. Amene akuzemba, kapena akukakamiza kuti ndalama ipite lero lomwe, wayankha kale funsolo, ndipo ndalamayo isachoke ku Lichinga.