Kavalavu ka pa kompresa n'kofunika kukaona musanagule

Opopa matayala ndi openta magalimoto amadalira kompresa, koma ambiri pogula yakale sayang'ana kavalavu kotulutsa mpweya ukachuluka. Kavalavuka kakapanda kutseguka, thanki imatha kuphulika.

Kovomerezeka kamalembedwa nambala ya mphamvu yomwe kamatsegukira, komanso kamakhala ndi chidindo, monga UV cha bungwe la ASME la ku America kapena CE cha ku Ulaya. Nambalayo isapose yolembedwa pa thanki: thanki ya 10 bar siyenera kavalavu ka 12 bar. Kawaya kotsekera kakakhala kodukadi, n'kutheka kuti wina anakasintha mphamvu.

Lamulo la m'Malawi la chitetezo pantchito la 1997 limafuna kuti mathanki otere aziyesedwa, choncho wogula ayenera kuona satifiketi asanalipire.