Kachipangizo kowerenga shuga usana ndi usiku: kodi manambala ake angadaliridwe ku Moatize ndi ku Zóbuè?

Matenda a shuga a mtundu woyamba amayamba pamene chitetezo cha m'thupi chawononga maselo a m'kapamba amene amapanga insulini, yomwe ntchito yake ndi kulowetsa shuga wa m'magazi m'maselo kuti thupi lipeze mphamvu. Kawirikawiri amagwira ana ndi achinyamata, ndipo wodwala amayenera kubayidwa insulini tsiku lililonse kwa moyo wake wonse. Mankhwalawa anapezedwa mu 1921 ku Toronto ndi Frederick Banting ndi Charles Best, koma kuyambira nthawi imeneyo vuto lalikulu lakhala la muyezo, chifukwa insulini ikachepa shuga amakwera mpaka magazi amasanduka a asidi, ndipo ikachuluka shuga amatsika mpaka munthu amakomoka. Choncho amene akubaya insulini popanda kuyeza shuga amakhala akungolota mlingo wa mankhwala amene angathe kumupulumutsa kapena kumupha.

Kukula kwa vutoli ku Mozambique kunaonekera mu kafukufuku wa David Beran, John Yudkin ndi Maximilian de Courten, amene anasindikizidwa mu 2005 m'magazini ya zachipatala ya Diabetes Care. Iwo anayerekezera kuti mwana wa kumudzi ku Mozambique amene wapezeka ndi matendawa ankangoyembekezeka kukhala ndi moyo miyezi pafupifupi 7, makamaka chifukwa chosowa insulini ndi zipangizo zoyezera. Zinthu zasintha kuchokera nthawi imeneyo, ndipo mu 2022 mayiko a m'bungwe la World Health Organization anagwirizana kuti pofika 2030 aliyense wodwala shuga wa mtundu woyamba azitha kupeza insulini komanso njira yodziyezera yekha pa mtengo woti angakwanitse. M'nyengo imeneyi ndi momwe kachipangizo kotchedwa CGM, kamene kamawerenga shuga mosalekeza, kayamba kukambidwa m'zipatala za kuno kum'mwera kwa Africa, ndipo mabanja a m'boma la Moatize amene ali ndi achibale ku South Africa kapena ku Maputo akhoza kukumana nako ngakhale kasanafike m'zipatala za boma.

Chimene kachipangizoka kamayeza

CGM ili ndi sensa, yomwe ndi kachingwe kopyapyala ngati tsitsi kamene kamalowetsedwa pansi pa khungu la kumbuyo kwa mkono kapena pamimba, n'kumatidwa ndi kapulasitiki kozungulira. Pa kachingweko pali enzaimu, kutanthauza puloteni yofulumizitsa kusintha kwa zinthu, imene ikakumana ndi shuga imatulutsa mphamvu yochepa kwambiri ya magetsi, ndipo kachipangizoka kamasandutsa mphamvuyo kukhala nambala imene imatumizidwa pa foni kapena pa kowerengera kake pa mphindi imodzi mpaka 5 zilizonse. CGM yoyamba inavomerezedwa ku America mu 1999, FreeStyle Libre ya kampani ya Abbott inayamba kugulitsidwa ku Ulaya mu 2014 ndipo sensa yake imakhala masiku 14, pomwe Dexcom G6 inatuluka mu 2018 ndi sensa ya masiku 10.

Mfundo imene imafotokoza zolakwika zambiri za kachipangizoka ndi yakuti sikayeza magazi, koma madzi a m'thupi amene amakhala pakati pa maselo pansi pa khungu. Shuga amayamba wafika m'magazi, kenako amadutsa m'timitsempha n'kulowa m'madzi amenewa, ndipo ulendowu pamodzi ndi kuwerengera kwa makina umachedwetsa nambala ndi mphindi 5 mpaka 15. Shuga akakhala wokhazikika kuchedwaku sikukhala ndi vuto, koma akamasintha mofulumira, monga munthu akangodya nsima ya ufa woyera, akamwa thobwa lothira shuga, kapena akamapalasa njinga m'mapiri a ku Zóbuè atangobaya insulini, nambala ya pa foni imakhala ikunena za mphindi zapitazo. Ngati shuga akutsika ndi 0.1 mmol/L pa mphindi, kuchedwa kwa mphindi 10 kumatanthauza kuti foni ikhoza kuonetsa 4.5 pamene m'magazi muli kale 3.5, umene ndi mlingo wofuna kuchitapo kanthu. N'chifukwa chake kamuvi kamene kamaonekera pambali pa nambala, kosonyeza ngati shuga akukwera kapena akutsika, ndi kofunika kuwerengedwa pamodzi ndi nambalayo.

Mmene kulondola kumayezedwera

Akatswiri amayeza kulondola kwa CGM ndi chiwerengero chotchedwa MARD, chimene chimapezeka poyerekeza manambala ambiri a sensa ndi a magazi oyezedwa mu labotale pa nthawi yomweyo, n'kupeza kuti kusiyana kwake ndi magawo angati pa 100 alionse. MARD ya 10 peresenti ikutanthauza kuti shuga weniweni akakhala 10 mmol/L, nambala ya sensa imaphonya ndi 1 mmol/L potengera pakati ndi pakati. Masensa oyambirira ankaphonya ndi pafupifupi 20 peresenti, pomwe a masiku ano, malinga ndi kafukufuku wa makampani amene amawapanga, ali pakati pa 8 ndi 10 peresenti mwa anthu akuluakulu. Kusintha kumeneku ndi kumene kunachititsa kuti mu 2016 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA lilole odwala kusankha mlingo wa insulini potengera sensa ya Dexcom G5 popanda kutsimikizira nambala iliyonse ndi kubaya chala.

Komabe MARD ndi chiwerengero cha pakati ndi pakati, ndipo chimabisa manambala ochepa amene amaphonya kwambiri. Masensa amaphonya mochuluka pa tsiku loyamba, pamene khungu likadali lotupa pang'ono chifukwa cha kubayidwa, komanso shuga akakhala wotsika, pomwe kusiyana kochepa kumakhala ndi tanthauzo lalikulu. Palinso malire a zimene sensa ingawerenge: ya Dexcom imalekeza pa 22.2 mmol/L, ndipo kupitirira apo imangolemba kuti shuga wakwera popanda nambala. Sensa wamba siyezanso makitoni, omwe ndi asidi amene amachuluka m'magazi insulini ikasowa, kotero mwana amene akusanza, akupuma mozama ndipo akufooka amafunika kuthamangitsidwa kuchipatala mosatengera zimene foni ikuonetsa.

Nako kachipangizo koyezera ndi dontho la magazi a m'chala kali ndi malire ake. Muyezo wa padziko lonse wa ISO 15197 wa 2013 umalola kuti kaphonye ndi 15 peresenti pa shuga woyambira 5.6 mmol/L kupita m'mwamba, bola manambala 95 pa 100 alionse akhale m'kati mwa malirewo. Chala chimene chagwira mango kapena nzimbe chimapereka nambala yokwera monyenga ngati sichinasambitsidwe ndi kuumitsidwa, ndipo kuchepa kwa magazi, komwe ndi kofala m'madera a malungo, kumakwezanso nambala pa zipangizo zina. Choncho sensa ndi kachipangizo ka chala zikasiyana pang'ono sizitanthauza kuti chimodzi chawonongeka, koma zikasiyana kwambiri, kapena nambala ya sensa ikapanda kugwirizana ndi mmene munthu akumvera m'thupi, ngakhale opanga masensa amalangiza kutsatira magazi a m'chala.

Kutentha, thukuta ndi mankhwala

Kulondola kumene kwalembedwa pa bokosi kunayezedwa m'zipatala zokhala ndi magetsi ndi mpweya wozizira, pomwe Moatize ili m'chigwa cha Zambezi, pafupifupi makilomita 20 kuchokera mumzinda wa Tete, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Makampani amalamula kuti masensa osagwiritsidwa ntchito asungidwe pa malo osapitirira madigiri 25 mpaka 30, malinga ndi mtundu wake, chifukwa enzaimu imafooka ndi kutentha, ndipo nyumba ya malata kapena chikwama chimene chayenda tsiku lonse m'basi pa msewu wa Tete ndi Zóbuè zimapitirira malirewo mosavuta. Sensa yoteroyo ikhoza kuoneka yabwinobwino kunja koma n'kupereka manambala osokonekera kapena kufa masiku ake asanakwane. Thukuta ndi fumbi, zomwe sizisowa kwa ogwira ntchito m'migodi ya malasha ya ku Moatize ndi kwa alimi, zimamatula guluu, ndipo kachingwe kakasuntha pang'ono pansi pa khungu nambala imatsika monyenga. Ku Zóbuè, komwe ndi kokwera ndipo ndi kozizirirapo, vuto la kutentha ndi locheperapo, koma mtunda wopita ku chipatala chachikulu cha chigawo ku Tete umapitirira makilomita 100, kotero sensa ikafa m'malo mwake simupezeka ina msanga.

Kugonera mkono umene uli ndi sensa kumachepetsa kayendedwe ka madzi pamalopo, ndipo alamu imalira usiku kunena kuti shuga watsika pamene sanatsike, zomwe zimachitika mosavuta kwa munthu wogona pa mphasa. Mankhwala ena amasokonezanso sensa: panado ankakweza manambala pa masensa akale a Dexcom ndi ena a Medtronic, mapiritsi a vitamini C opitirira mamiligalamu 500 pa tsiku amakweza manambala a FreeStyle Libre 2, ndipo hydroxyurea, amene amaperekedwa kwa odwala sickle cell, amakweza a Dexcom G6 ndi G7. Kukwera konyenga kumeneku ndi koopsa chifukwa kungachititse munthu kuwonjezera insulini pamene safunika kutero. Malungo aakulu ndi mankhwala a kwinini amatsitsa shuga weniweni mofulumira, ndipo kuchepa kwa madzi m'thupi chifukwa cha kutsekula m'mimba kumachepetsa kudalirika kwa sensa, kotero masiku a matenda ndi amene kubaya chala kumafunika kwambiri.

M'dera la m'malire a Mozambique ndi Malawi muli vuto linanso la miyezo. Zipangizo zina zimawerenga mu mmol/L pomwe zina zimawerenga mu mg/dL, ndipo nambala ya mg/dL imapezeka pochulukitsa ya mmol/L ndi 18, kotero 10 pa china ndi 180 pa chinzake. Banja la ku Zóbuè limene lagula kachipangizo ku Blantyre kapena kutumiziridwa kuchokera ku Johannesburg, ndipo nthawi zina limaonana ndi achipatala a mbali zonse ziwiri za malire, liyenera kudziwa muyezo umene kachipangizo kake kakugwiritsa ntchito lisanayerekeze manambala.

Zimene zinapezeka ku Neno

Umboni wapafupi kwambiri ndi dera lino unachokera m'boma la Neno ku Malawi, loyandikana ndi boma la Mwanza lomwe lili tsidya lina la chipata cha Zóbuè. Kumeneko ofufuza ogwira ntchito ndi bungwe la Partners In Health, lodziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, anayesa Dexcom G6 kwa miyezi itatu pa chipatala cha boma cha Neno ndi cha Lisungwi, mu kafukufuku wa anthu 42 odwala shuga wa mtundu woyamba amene zotsatira zake zinatuluka mu 2024 m'magazini ya BMJ Open. Zinaoneka kuti anthu a kumudzi angathe kugwiritsa ntchito kachipangizoka ndipo achipatala anapeza chithunzi cha shuga wa odwala awo chimene sankachiona kale, koma masensa anali pa thupi pafupifupi magawo awiri okha mwa atatu a nthawi yonse, ndipo kafukufukuyu anali wochepa moti sakanatsimikiza kuti shuga wa odwala anatsikadi chifukwa cha CGM. Zipatala ziwirizi zimatsatira ndondomeko ya PEN-Plus, yofikitsa chisamaliro cha matenda aakulu osapatsirana ku zipatala za m'maboma, imene nduna za zaumoyo za mu Africa zinavomereza ku Lomé mu Ogasiti 2022, ndipo ku Mozambique inayambira ku Nhamatanda m'chigawo cha Sofala. Izi zikusonyeza kuti masensa a ku Neno ankagwira ntchito pakati pa achipatala ophunzitsidwa, insulini yopezeka ndi masiku okhazikika oonana ndi odwala, zimene munthu wogula sensa payekha sakhala nazo.

Phindu lenileni la CGM lili pa kuonetsa mmene shuga akuyendera tsiku lonse, makamaka usiku pamene palibe amene amadzuka kuti abaye chala. Mu 2019 akatswiri a mayiko osiyanasiyana anagwirizana kuti odwala ambiri azikhala pakati pa 3.9 ndi 10.0 mmol/L kwa nthawi yopitirira 70 peresenti ya tsiku, ndipo nthawi yokhala pansi pa 3.9 isafike 4 peresenti, yomwe ndi pafupifupi ola limodzi. Pa ntchito yoona kayendedwe kameneka kuphonya kwa 10 peresenti sikusintha chithunzi, ndipo ngakhale sensa imodzi yovalidwa masiku 14 ingathandize dokotala kuona kuti shuga amatsika m'bandakucha kapena kuti insulini ya madzulo ikuchepa. Pa chisankho cha nthawi yomweyo, monga kuwonjezera insulini kapena kupatsa mwana madzi a shuga, nambala imodzi yokayikitsa imafunika kutsimikizidwa. Pa chifukwa chimenechi banja la ku Moatize kapena ku Zóbuè limene ndalama zake sizingakwanire zonse liyenera kuyamba ndi insulini yosungidwa pozizira, timapepala toyezera magazi a m'chala ndi chakudya cha nthawi yake, ndipo sensa ikabwera, timapepalato tisachoke m'nyumba.