Kugwiritsa Ntchito Solitaire Pophunzitsa Chiyankhulo

Mphunzitsi, tiyerekeze kuti muli pasukulu ina ku Morningside, mumzinda wa Mutare. M'chipinda muli makompyuta akale angapo opanda intaneti. Mukangotembenuka, ophunzira atsegula Solitaire, masewera a makhadi a munthu mmodzi. Musafulumire kuwaletsa.

Masewerawa analowa mu Windows 3.0 m'chaka cha 1990. Anawalemba ndi Wes Cherry, yemwe panthawiyo ankaphunzira ntchito ku Microsoft, ndipo zithunzi za makhadiwo anajambula ndi Susan Kare. Nthawi imeneyo anthu ambiri anali asanagwirepo mausi. Posewera, munthu ankazolowera kudina khadi, kulikoka ndi kuliika pena, osazindikira n'komwe kuti akuphunzira. Nzeru yomweyi ingagwire ntchito pachiyankhulo.

Malamulo ake ndi ochepa. Makhadi alipo 52. Makhadi 28 amayalidwa m'mizere isanu ndi iwiri, ndipo 24 otsalawo amakhala mulu wotolapo. M'mizeremo makhadi amatsika, lofiira pa lakuda, lakuda pa lofiira: 6 wofiira amakhala pa 7 wakuda. Cholinga n'kumanga milu inayi pamwamba, uliwonse wa mtundu umodzi, kuyambira pa A mpaka pa K.

Munthu akamasewera yekha amakhala chete, choncho khazikani ophunzira awiri pakompyuta imodzi. Wogwira mausi saloledwa kusuntha khadi pokhapokha mnzake atamuuza ndi mawu, ndipo wolankhulayo saloledwa kuloza ndi chala. Lamulo la chalali ndilo lofunika kwambiri. Mukalilekerera, mudzangomva "ili" ndi "apo" basi. Mukaliumirira, wophunzira amakakamizika kupanga chiganizo chathunthu: "Tenga 6 wofiira wa mumzere wachitatu, umuike pa 7 wakuda." M'chiganizo chimodzichi muli kulamula, manambala, mitundu ndi malo.

Phindu lalikulu limabwera masewera akafika pokanika, pakuti si nthawi zonse pamene Solitaire imatheka kupambana. Afunseni chimene chalakwika. Posewera anali kugwiritsa ntchito -ka-: "Ukasuntha 9 uyu, mzere utseguka." Tsopano akufunika kunena zomwe sizinachitike: "Ukanasuntha 9 uja, tikanapambana." Ena anena kuti "ukadasuntha". Zonsezi n'zolondola, ndipo musataye nthawi kukonza. Ine ndimaona kuti ziganizo zoterezi zimavuta kuphunzitsa pabolodi, chifukwa wophunzira alibe chimene akudandaula nacho. Apa ali nacho, ndipo akufuna mnzake adziwe kuti wolakwa ndani. Ngati mumaphunzitsa Chingerezi kapena Chipwitikizi, njira ndi yomweyi.

Nanga mayina a mitundu inayi ya makhadi? Ku Mutare ndi ku Chipata mwina mudzamva a Chingerezi, pomwe ku Tete mungamve copas, ouros, espadas ndi paus. Mutare ali kufupi ndi chipata cha Forbes cholowera ku Mozambique, choncho kalasi imodzi ingakhale ndi Chimanyika, Chingerezi, Chipwitikizi ndi Chichewa. Lolani ophunzira akambirane mayina oti agwiritse ntchito, muwalembe pabolodi. Kumbukiraninso kuti malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 amawerengera Chichewa pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndiye simukuba nthawi ya phunziro mukachilola m'kalasi.

Chenjezo ndi ili: makolo ambiri akamva za makhadi amaganiza za njuga. Mwana akakanena kunyumba kuti "lero tasewera makhadi", mawa mungaitanidwe kuofesi. Fotokozerani mphunzitsi wamkulu musanayambe, lembani cholinga cha phunzirolo m'chikonzekero chanu, ndipo musalole kubetcherana ngakhale switi. Zimitsaninso kawerengedwe ka mapointi kotchedwa Vegas, kamene kamaonetsa ndalama. Mphindi 15 n'zokwanira, kenako aliyense alembe ziganizo zisanu zimene ananena kapena kumva. Magetsi akazima, yalani makhadi enieni patebulo, lamulo la chala lija lisasinthe.