Disiki ya buleki ikakana kuchoka: Physics ya ku galaja za ku Elephant Marsh

Ophunzira anga amakonda kundifunsa kuti, "Aphunzitsi, thermal expansion imeneyi tidzadya nayo chiyani?" Lero ndikuyankhani ndi ntchito imodzi ya makaniko: kuchotsa disiki ya buleki imene yakakamira pa wilo la njinga yamoto.

Anzanga a ku Chikwawa ndi Nsanje mukudziwa mmene njinga ya kabaza imavutikira kuno. Dambo la Elephant Marsh, limene linalowa m'gulu la madambo otetezedwa a Ramsar mu 2017, lili ndi malo oposa mahekitala 60,000, ndipo mvula ikachuluka, Shire ndi Ruo zimataya madzi mpaka m'misewu. Zinachitika mu Januwale 2015, zinachitikanso ndi namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Njinga yonyamula nsomba kuchokera ku Makhanga kupita ku Bangula imaoloka matope, imakwera bwato, kenako n'kuuma padzuwa. Matope amadya tcheni ndi supuloketi. Makaniko akatsitsa wilo lakumbuyo kuti asinthe zimenezi, amapeza disiki nayo yatha. Agwire sipanala, mabawuti ali nji! Njinga zambiri za kabaza zili ndi buleki ya dilamu kumbuyo, koma phunziro lake ndi limodzimodzi.

Chagwira disikiyo n'chiyani?

Choyamba ndi dzimbiri. Chitsulo chikakumana ndi madzi komanso okosijeni chimachita dzimbiri, ndipo dzimbirilo limatenga malo aakulu, kawiri kapena kuposerapo, kusiyana ndi chitsulo chimene ladya. Ndiye taganizani: pakati pa bawuti ndi bowo lake pali kampata kochepa kuposa tsitsi. Dzimbiri likafufuma mmenemo lilibe kopita, limangothinitsa zonse.

Chachiwiri ndi kukhudzana kwa zitsulo zosiyana. Bawuti ndi ya chitsulo wamba, koma habu, pakati pa wilo paja, kawirikawiri ndi ya aluminiyamu. Ziwirizi zikanyowa pamodzi zimakhala ngati kabatire, ndipo aluminiyamu ndiye amadyeka, n'kusiya ufa woyera wolimba. M'mabuku mupeza dzina loti galvanic corrosion. Madzi amchere amafulumizitsa zimenezi, ndipo mijigo yambiri m'chigwa cha Shire imatulutsa madzi amchere. Wotsuka njinga ndi madzi oterewa n'kuisiya yonyowa akudyetsa kabatire kaja.

Vutoli si lathu lokha. Ku Canada ndi ku Finland kuli snowmobile, njinga yoyenda pa chipale chofewa. Disiki yake imakhala pa shafuti yolowa m'bokosi la tcheni, ndipo posintha bokosilo amakaniko amalimbana ndi dzimbiri lomweli. Kwawo madzi amachokera ku chipale, kwathu ku Shire.

Bwanji osangomenya ndi hamala?

Apa mpamene pali moyo wa munthu. Tiwerengere limodzi. Njinga, woyendetsa, wokwera ndi katundu tiyerekeze kuti ndi 250 kg, pa liwiro la 60 km/h, lomwe ndi 16.7 m/s. Kinetic energy ndi theka la 250 kuchulukitsa ndi 16.7 kawiri, pafupifupi 35,000 J. Mphamvu yonseyi mabuleki ayenera kuisandutsa kutentha m'masekondi ochepa. Disiki yopindika ndi hamala imagwira n'kumataya, kugwira n'kumataya. Ndipo ngakhale disiki yakaleyo ikukatayidwa, hamala imatha kung'alula habu kapena kuphwanya mabering'i. Mbuzi ikadumphira pa M1 pa Nchalo, zotsatira zake mukuzidziwa.

Njira zinayi za makaniko wodziwa

Yoyamba ndi mafuta olowerera monga WD-40. Ndi opepuka, choncho amakwera okha m'timing'alu ta dzimbiri, monga parafini amakwerera m'chingwe cha koloboyi. Imeneyo ndi capillary action, ndipo imafuna nthawi. Thirani, dikirani, thiraninso.

Yachiwiri ndi kugogoda pang'onopang'ono pamutu pa bawuti. Dzimbiri ndi lolimba koma losapindika, ngati chigumu chouma. Kunjenjemera kumalisweka, mafuta aja n'kupeza njira.

Yachitatu ndi moment, ija ya force kuchulukitsa ndi distance. Mukakoka ndi 200 N pa sipanala ya 0.15 m mupeza 30 N m. Mukalowetsa paipi kuti mkono ufike 0.6 m, mphamvu yomweyo ikupatsani 120 N m. Koma chenjerani, bawuti yaing'ono ya 8 mm ikhoza kuduka nazo zimenezo, ndipo kuchotsa chidutswa chotsalira m'habu ndi ntchito ya tsiku lonse. Paipi imabwera dzimbiri litasweka kale.

Yachinayi ndiyo yankho la funso lija. Mukukumbukira experiment ya ball and ring? Mphete ikatentha, bowo lake limakula, silichepa ayi. Chitsulo chimakula ndi 0.000012 ya utali wake pa digiri iliyonse, aluminiyamu ndi 0.000023. Tenthetsani habu ndi 100 °C: bowo la 8 mm likula ndi 0.018 mm, bawuti ikula ndi 0.010 mm yokha. Kusiyana kwake ndi pafupifupi 0.009 mm. N'kochepa, eti? Komatu n'kokwanira kuswa ufa woyera uja. Kutentha kumafewetsanso kaguluu kamene opanga njinga amapaka pa mabawuti a disiki.

Tsono samalani apa. Mabawuti akachoka, disiki ikhoza kukhalabe yokakamira pa kamlomo ka habu kamene kamalowa pakati pake. Mukapitiriza kutenthetsa habu, aluminiyamu akula kuposa disiki, ndiye zithina kwambiri. Lamulo lake ndi ili: tenthetsani cha kunja, cha mkati chizizire. Kwa bawuti, cha kunja ndi habu. Kwa kamlomo, cha kunja ndi disiki.

Moto umenewu si wa inu kuyesera kunyumba. Wilo liyenera kukhala kutali ndi thanki ya petulo, mafuta othira aja amayaka, ndipo tayala, masilo ndi girisi ya m'mabering'i sizifuna moto.

Pobwezeretsa

Makaniko wabwino amapala dzimbiri lonse pamene disiki ikhale, chifukwa kachidutswa kamodzi kamapendeketsa disiki yatsopano. Amamanga mabawuti modumphadumpha, iyi kenako ya kutsidya, kuti disiki ikhale mofanana. Amapukuta mafuta onse pa disiki, pakuti mafuta amapha friction, ndipo buleki yopanda friction ndi chokongoletsa chabe. Amayang'ananso malembo a MIN TH olembedwa pa disiki, osonyeza kupyapyala kumene siyenera kupitirira.

Ntchito ya sabata ino kwa a Fomu 3 ndi 4: disiki yachitsulo ili ndi bowo la 60 mm pa kamlomo ka aluminiyamu. Zonse ziwiri zatentha ndi 80 °C. Werengerani kukula kwa chilichonse, ndipo mundiuze ngati disikiyo yamasuka kapena yathina. Sonyezani njira yonse, chifukwa a MANEB sapereka malikisi onse pa yankho lokha.