Moto wosaoneka wa dontho limodzi la mafuta

Mu injini ya dizilo, kaya ya lole kapena ya chigayo, mafuta sayaka ali amadzimadzi. Amafayidwa timadontho ting'onoting'ono mumpweya wopanikizidwa komanso wotentha kwambiri, kadontho kalikonse n'kutulutsa nthunzi, ndipo nthunziyo ikasakanikirana ndi okosijeni imayaka yokha popanda pulagi. Kanthawi kapakati pa kufayidwa ndi kuyakako n'kofunika zedi, chifukwa kakatalika injini imagogoda.

Pofuna kuona zimenezi ndi maso, ofufuza amapachika dontho limodzi lokulirapo pa kaulusi n'kulilowetsa m'ng'anjo. Apa mphamvu yokoka ya dziko lapansi imalowererapo. Nthunzi ya mafuta ndi yolemera kuposa mpweya wa m'ng'anjomo, choncho imatsikira pansi pa dontho, ndipo kawirikawiri moto umayambira kumeneko. Ukangoyaka, mpweya wotentha umakwera, wina umalowa chapansi, lawi n'kusongoka ngati la kandulo. Mphepo yowomba pa dontho nayo imakokolola nthunzi. Ikakula, lawi limathawira kumbuyo kwa dontho, kenako n'kuzima.

N'chifukwa chake zipangizo zoyesera amazigwetsa dala, poti chinthu chikamagwa chimakhala chopanda kulemera. Mumzinda wa Bremen ku Germany muli nsanja yotalika mamita 146, momwe bokosi la zipangizo limagwa kwa masekondi 4.7. Mmenemo nthunzi imazungulira dontho mofanana mbali zonse, ndipo lawi limakhala lobulungira ndi lofooka.

Chodabwitsa kwambiri chinaoneka pa siteshoni ya mumlengalenga, komwe nthawi yokhala opanda kulemera siichepa. Dontho la mafuta a heptane, la mamilimita angapo, linasiyidwa likuyandama m'kachipinda kotsekedwa. Tiwaya totentha tinaliyatsa n'kubwerera. Lawi linakula, linatalikirana ndi dontho, linayamba kuzirala pamene kutentha kwake kumamwazikira kunja, mpaka linazimiratu. Pa kamera panali mdima. Komabe dontho lija linapitiriza kuchepa mofulumira, kuposa mmene likanaumira popanda moto, ndipo patapita nthawi linachita ngati lazima kachiwiri. Zotsatirazi zitafalitsidwa mu 2012, tanthauzo lake linali lakuti dontholo linkayakabe ndi lawi lofunda chabe, losafika ngakhale theka la kutentha kwa lawi wamba. Lawi lotere silimaliza kuwotcha mafuta, limasiya mpweya wa carbon monoxide ndi formaldehyde. Pansi pano limangophethira, ndipo ndilo limatsogolera kuyaka kwenikweni kwa dizilo.

Mkangano uli pakuti, kodi zakumwambazo zikunenadi za injini? Ena amati inde. Mphamvu ya mpweya wokwera imatha msanga dontho likamachepa, moti timadontho ta mu injini, toonda kuposa tsitsi, sitiimva n'komwe. Dontho lalikulu lopanda kulemera ndiye chithunzi chokulitsidwa cha kadontho kotero. Ena amakana, ndipo mfundo yawo ndi yolimba: lawi lija linazima chifukwa cha kukula kwa dontho, zomwe sizichitika pa kadontho kakang'ono. Komanso mu injini mpweya umavunduka mwamphamvu, ndipo timadontho timayaka m'chigulu, tikulandana okosijeni. Ofufuza tsopano amayesanso madontho awiri kapena mzere wa madontho, kuti aone mmene moto umadumphira kuchoka pa lina kufika pa linzake.