Chipatala cha odwala misala olakwira lamulo chikatsekedwa, nyumba zake zimatani?

Munthu wodwala misala akavulaza mnzake, ambirife timangoti amangidwe asadzatulukenso. Dziko la Italy linkachita zomwezo kwa zaka zoposa 100. Linali ndi zipatala 6 zotchingidwa ngati ndende, kumene khoti linkatumiza anthu amene anapalamula mlandu mutu usakuyenda bwino.

Mu 2010 aphungu otsogozedwa ndi dokotala Ignazio Marino analowa m'zipatalazi mwadzidzidzi atanyamula kamera. Anapeza odwala atamangiriridwa pabedi, zipinda zauve, ndiponso anthu amene anakalambira momwemo pa mlandu waung'ono chifukwa nthawi yawo inkangowonjezedwa. Lamulo la 2014 linati zipatalazi zitsekedwe, ndipo odwala omaliza anatuluka mu 2017. Masiku ano amasamalidwa m'nyumba zazing'ono zotchedwa REMS, za mabedi osapitirira 20. Oyang'anira m'katimo ndi madokotala ndi anamwino, osati alonda a ndende.

Nanga nyumba zakale zija? Za ku Aversa ndi ku Barcellona Pozzo di Gotto zinangosanduka ndende wamba. Ku Montelupo Fiorentino chipatala chinali m'nyumba yachifumu ya banja la Medici, ndipo mu 2021 Eike Schmidt, amene ankatsogolera nyumba ya zojambula ya Uffizi, anapereka ganizo loti muziwonetsedwa zithunzi.

Koma tamvani za mumzinda wa Napoli. Chipatala chakale cha Sant'Eframo chinakhala chosiyidwa kuyambira 2008. Mu Marichi 2015 achinyamata ndi anthu a m'deralo anangolowamo osapempha, nasesa, natsegula zipinda zophunzirira, malo a masewera ndi kachipatala kaulere kothandiza osauka ndi anthu obwera kuchokera kumayiko ena. Kumalo amenewa anthu anayamba kupitako okha kukaonana ndi dokotala. Ine ndikuona kuti mwa zonsezi, za ku Napoli ndizo zinathandiza anthu wamba mwachangu.

Musaganize kuti zonse zinatheka bwino. Mabedi a mu REMS anachepa, moti odwala ena ankadikira malo ali kundende, ena ali kwawo popanda chithandizo chokwanira. Mu 2022 khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo linauza aphungu kuti akonze vutoli msanga.